Jombo za a Mabotolo

Bwana wa fakitale ananena nkhaniyo ali chiimire pakhomo la ofesi, foni ili m'manja. Ogula nsalu ankafuna lipoti la madzi otuluka m'fakitalemo, ndipo likapanda kukhala loyera, oda ya chaka chonse ipita kwina.

"Mukatunge Lolemba m'mawa, mayi," anatero. "Si bodza ayi. Paipi ndi yomweyo, mtsinje ndi womwewo."

Mayi woona za chilengedwe anangoti wamva. Koma ndani sankadziwa? Makina onyika nsalu mu utoto ankazimitsidwa Loweruka masana, choncho pofika Lolemba madzi ankakhala mbee, oti n'kutsukira kapu. Lachinayi ndiye linali tsiku lotsuka matanki, ndipo mtsinje unkafiira ngati apheramo ng'ombe.

Atalowa m'chipinda cha katundu kukatenga mabotolo, anapeza jombo za a Mabotolo kuseri kwa chitseko, zili fumbi lokhalokha, ina itagwa chammbali. Mtima unamuwawa. Bambo amenewa ndiwo anamuphunzitsa ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, iye atangochoka kusukulu. Anali aafupi, aulesi pometa ndevu, ndipo dzina lawo lenileni linazimirira chifukwa cha mabotolo amene ankangolira m'chikwama chawo. Anamwalira chaka chatha, atangopuma ntchito miyezi itatu.

Iwo ankatunga Lachinayi basi, matanki akutsukidwa. Sankatungira pamlatho ngati anthu oopa matope. Ankatsika mpaka pamene amayi amachapira, n'kulowa m'madzi kufika m'mawondo, ndipo tsiku ndi nthawi ankalemba pomwepo, botolo likadali lonyowa. Iye akatseka mphuno, ankamuseka kuti anaphunzira za madzi chonsecho akuopa kunyowa.

"Mwanawe, mlendo timamusesera pakhomo," ankatero, "koma dokotala sitimubisira chilonda."

Kalanga ine, masiku amenewo ntchito inkakoma. Pobwerera ankagawana nthochi pansi pa mtengo, iwo akudandaula za dziwe losefera madzi limene analipempha mpaka kukalamba, koma silinamangidwe.

Poweruka, mng'ono wake, amene ankasoka m'fakitale momwemo, anamudikirira pageti. Mphekesera zinali zitafika kale ku makina.

"Achemwali, ife tili ndi ana. Tsiku limodzi lokha, mutaya chiyani?"

Anamumvera chisoni, poti oda ikapita, oyamba kuchotsedwa ndi osoka omwewo. Anayenda limodzi mpaka pa siteji ya basi.

Lolemba m'mawa anatunga monga anauzidwira. Bwana anamwetulira atamuona akudutsa ndi botolo loyera, mpaka kumufunsa za ana kunyumba.

Lachinayi masana anatenga jombo zija, n'kuzikutumula. Zinali zazikulu, choncho anaikamo mapepala a nyuzi kumapazi. Anatsika pamene amayi amachapira, n'kuwapeza atakhala pamiyala kudikira kuti madzi ayere. Mmodzi anayang'ana jombozo n'kufunsa ngati adadi aja a mabotolo akadali moyo. Iye anapukusa mutu, n'kulowa m'madzi kufika m'mawondo.

Sabata yotsatira anaika lipoti pa desiki ya bwana, masiku onse awiri atalembedwamo, ndi mabotolo awiri pambali pake. Pansi pa lofiiralo panali pepala lakale la a Mabotolo, chojambula cha dziwe lija.

"Mukudziwa kuti ntchito yanu ingathere pamenepa?" bwana anafunsa chapansipansi.

"Ndikudziwa, bwana. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ogulawo tikawatumizira lipotili pamodzi ndi chojambula cha dziweli, mwina atimvera. La Lolemba lokha ine sindisaina."

Bwana ananyamula botolo lofiira n'kuliyang'ana pawindo nthawi yaitali. Kenaka anamuuza kuti angathe kupita, amva mawa.

Mayiyo anatsuka jombo zija pampopi wa kuseri, n'kuziyanika mpaka nthawi yoweruka. Sanazibwezenso kuseri kwa chitseko. Anazikulunga m'pepala n'kupita nazo kwawo, poti sankadziwa ngati Lachinayi lotsatira geti lidzamutsegukira.