Benchi la Odulidwa Mgonero

"Aphunzitsi, kodi kwanu ku Dedza mudalakwa chiyani?"

Adandifunsa choncho a Hezron, mkulu wa mpingo, tikutuluka m'tchalitchi ku Katowo.

"Benchi mumakhalapolo ndi la anthu odulidwa mgonero," adatero motsitsa mawu. "Anthu akuti mwina mudathawa mlandu kwanuko. Sabata yamawa mubwere kutsogolo, mama, tikulandireni bwino."

Ndidapsa mtima, manyazi nawo adandigwira. Ine benchilo ndidalisankha chifukwa lidali pafupi ndi khomo, ndipo Chitumbuka sindinkachimva. Apa ndidazindikira chifukwa chake amayi a Umanyano, gulu la amayi amumpingo, ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Kusukulu ndinkalankhula ndi ana okhaokha, kunyumba ndinkayankha wailesi. Ndinkalakalaka munthu woti angondiitana dzina langa, Phyllis.

Pabenchipo tinkakhala awiri, ine ndi Dinah, mayi wamasiye amene adadulidwa chifukwa chotcheza kachasu. Zimenezi ndidazimvanso tsiku lomwelo. Iyeyo ndi amene ankanditsegulira buku la nyimbo n'kumandilozera mizere ndi chala.

Masana ndidamulondola kwawo. Ndidamupeza akutong'ola chimanga pakhonde.

"Amayi, bwanji simudandiuze?"

Sadakweze mutu. "Ndikadakuuzani mukadachoka, aphunzitsi. Chaka chonse ndinali ndekha pamene paja. Ngakhale wondigunda chigongono panalibe. Kachasu ndinasiya kale, koma ichi ndinachita dala. Mundikhululukire chomene."

Ndidali nditanyamula mawu okalipa kuchokera kunyumba, koma ndidawasiya. Ndidakhala pansi, ndidatenga chimanga. Titamaliza tidagwada pakati pa zitsononkho, iye kupemphera m'Chitumbuka, ine m'Chichewa.

Lamulungu lotsatira a Hezron adandikodola kutsogolo. Ndidawerama mwaulemu, n'kukhala pafupi ndi Dinah. Sindinganame, zidandipweteka. Anthu adapitiriza kundiyang'ana cham'mbali, ndipo ena adatsimikiza kuti mlandu wanga ndi waukulu zedi.

Dzinja litatha, mpingo udamubwezeretsa Dinah. Adaimirira kutsogolo, adalapa pamaso pa onse, abusa adamupempherera. Amayi adalulutira, adamugwira dzanja n'kumukhazika pakati pawo, pakati pa mabulauzi oyera. Adacheuka kamodzi, milomo yake idati, "Yewo." Kenako mitu ya anthu idamubisa.

Ndidakondwera naye, komanso ndidamuchitira nsanje. Benchi lonse lidatsala langa ndekha, ndipo kudzera pakhomo mphepo ya ku Nyika inkandiomba msana.

A Hezron adandiyang'ananso, adaloza malo amene adandisungira. Tsopano padalibe chondiletsa. Ndidanyamula chikwama changa, mtima ukudumpha ngati wa mwana.

Nditangoimirira, ndidaona munthu pakhomo. Adali Wezi, mtsikana amene ndidamuphunzitsa Sitandade 8 asadasiye sukulu. Chitenje adachimanga pamwamba pa mimba, maso ali pansi. Adayang'ana benchi lopanda anthulo, adayang'ananso njira yobwerera kunja, phazi limodzi lili kale pabwalo.

Kutsogolo adayamba nyimbo. A Hezron adali akadalozabe.

Ndidaika chikwama pansi, ndidakhala, n'kupukuta fumbi pambali panga ndi nsonga ya chitenje.