Tsiku lobadwa la Rosália

Chiswe chinali chitadya kaundula wa ubatizo kuyambira m'mphepete kufika pakati. Rosália Alufandika anatsegula tsamba la chaka cha 2003 mosamala, koma linangofumbutuka m'zala zake. Dzina lake linalipo, la bambo ake linalipo. Pamalo pa tsiku lobadwa panali chibowo.

"Ndinakuuza, mwananga," anatero a Aristides, katekisita wa tchalitchi cha kwawo ku Lunho. "Chiswe sichisankha Mkhristu kapena wakunja."

Rosália sanaseke. Anali m'modzi mwa ophunzira asanu ndi awiri amene mphunzitsi wawo wa ku koleji ku Lichinga, Purofesa Yunisi, anawasankha kupita nawo ku Igupto, kukaona mmene anthu akale ankawerengera ndi kuyezera minda madzi osefukira akaphwa. Zaka zitatu anakhala akuwerenga zimenezi m'mabuku ojambulitsa osaoneka bwino. Tsopano ulendo unali utatsala milungu itatu, ndipo pasipoti yake inali itaima. Chitupa chake chinkati anabadwa pa 8 Epulo, pepala lobadwira linkati pa 18. Mkulu wa ku ofesi anamuuza kuti akatenge kalata ya kutchalitchi. Ikanena 8, pasipoti ituluka sabata yomweyo. Ikanena 18, ndiye kuti chitupa ncholakwika, ndipo kuchikonza kutenga miyezi.

Bambo ake, a Wiliyamu, anali ataima pakhomo atavula chipewa, mamba a usipa ali mbuu m'mikono. Anasiya ukonde pamchenga osautsuka kuti amuperekeze.

"Atate, simukukumbukira ngakhale pang'ono?" anafunsa Rosália.

"Manambala ine ayi. Chimene ndikudziwa, linali Lachisanu Loyera. Tinatuluka m'tchalitchi muno mtanda utakutidwa nsalu, malemu amako n'kuyamba kudwala panjira. Tsiku lomwelo unabadwa."

Kupeza tsiku la Pasaka la chaka chilichonse Rosália anakuphunzira kwa Purofesa Yunisi, ndipo m'kalasi monse ankafulumira ndi iye. Anapempha cholembera, nakhala pabenchi n'kuyamba kugawa ndi kuchotsera kuseri kwa envulopu. Atafika kumapeto anaima. Anayambiranso. Kachitatu analemba pang'onopang'ono. Pasaka inagwa pa 20. Lachisanu Loyera linali pa 18.

A Aristides anali atasuzumira kale paphewa pake.

"Walira mvula walira matope," anatero motsitsa mawu.

"A katekisita, lembani 8," anatero Rosália. "Masiku khumi okha. Palibe amene ndikumubera. Ndine yemweyo, wobadwira pano, wobatizidwa ndi madzi a pano."

"Ukanandipempha usanawerenge, ndikanakanda mutu. Koma wandionetsa wekha. Ndilembe bwanji chimene tonse atatu tikudziwa kuti si choona, n'kudindapo chidindo cha tchalitchi?"

"Mwina atate asokoneza."

"Sindinasokoneze," anayankha a Wiliyamu msanga. Kenako anaona nkhope ya mwana wawo, n'kuzindikira chimene mawu awo achita. Analowa m'kati, nagwada pasimenti pamaso pa katekisita, munthu amene ankaweta naye mbuzi ali ana.

"Achimwene, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ine kutali kumene ndinafika ndi ku Nkhata Bay, ndiponso pothawa nkhondo. Uyu akumuitana, sakuthawa. Ngati pali tchimo, likhale pamutu panga. Ndinene kuti ndakalamba, ndinaiwala."

A Aristides anayang'ana kudenga. "Dzukani, a Wiliyamu. Mukundipha."

"Sindidzuka."

Rosália anayang'ana zidendene zong'aluka za bambo ake. Chibadwire sanawaonepo akugwadira munthu. Ngakhale tsiku limene anaika mayi ake m'manda anaima chilili mpaka mapeto. Tsopano anali pansi, akupempha kuti atchedwe wabodza pa tsiku limodzi limene ankalikumbukira bwino kuposa onse.

Anawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa.

"Lembani 18, a katekisita."

A Aristides analemba kalatayo. Atatuluka, Rosália anakwera kachitunda kuseri kwa tchalitchi, kumene foni imagwira, bambo ake akumutsatira patali. Purofesa Yunisi anayankha nthawi yomweyo.

"Wapeza kalata?"

"Ndapeza, a Purofesa. Ikunena 18."

"Rosália, mayina ndiyenera kutumiza mawa. Ndayesa kupempha kuti atidikire, akana."

"Ndikudziwa. Ikanipo Yara wa m'kalasi mwathu m'malo mwanga. Pasipoti ali nayo, ndipo mayeso aja ndinamuposa ndi pang'ono chabe."

"Chaka chamawa sindikudziwa ngati ulendowu udzakhalaponso."

"Nazonso ndikudziwa."

Atadula foni anakhala pamwala, nalira osabisa nkhope. A Wiliyamu anamulekerera mpaka anatopa. Kenako anayandikira, akupotokola chipewa m'manja.

"Ndikanangokhala chete," anatero.

"Ndinakufunsani ndine, atate."

Anapukuta maso, napinda kalata ija kawiri n'kuiika m'chikwama.

"Galimoto yopita kuboma ku Metangula imanyamuka nthawi yanji mawa?"

"Ukupitabe?"

"Ndikayambe kukonzetsa chitupa. Akuti miyezi inayi, mwina isanu. Ndikachedwa tsiku limodzi, iwo awonjezera mwezi."

A Wiliyamu anavala chipewa chawo. "Ndikakuuzira dalaivala akusungire malo akutsogolo," anatero, n'kuyamba kutsika chitunda.