Magalasi a Kadzidzi

"Imitsa kaye, mlamu, ndikuuze zimene zikubwera," anatero a Mkokomo, maikolofoni ili kukamwa. "Wamagalasiyo agundana ndi mnyamata wampira, mabuku amwazika. Atsikana atatu onyada aja amuseka. Mnzake wonenepa akhala akutafuna kanthu pambali."

Mlamu wawo anadina kompyuta, filimu n'kupitirira. Mabuku anamwazikadi. Onse awiri anaseka mpaka misozi.

Ntchito ya a Mkokomo inali yoika mawu awo m'mafilimu akunja kuti anthu azimva nkhani yake. Ankajambulira m'kachipinda kotentha, komata mathireyi a mazira m'makoma. Chizungu sankachimva chonse, koma mafilimu a ana asukulu safuna dikishonale. Anthu ake ndi omwewo, amangosintha nkhope. Mtsikana wamagalasi aliyense iwo ankamutcha Kadzidzi, ndipo pamene ogula ankapadikira ndi pamene ankakuwa kuti, "Vula mawindowo, Kadzidzi, anyamata akuone!"

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali akazi awo, thukuta lili kamukamu. Anaika magalasi patebulo.

"Mukuwadziwa awa?"

"Si a mwana awa? Wapita bwanji kusukulu?"

"Ndawapeza m'nsapato yakale kunsi kwa bedi. Aphunzitsi ake andiitana lero. Akuti mwezi wathunthu sakuona pabolodi, amangokopera za mnzake. Mayeso ayamba Lolemba, bambo ake."

"Ndiye wawabisiranji?"

"Mukundifunsa ine? Sukulu yonse imamutcha Kadzidzi. Akangotulukira pageti, anyamata amakuwa za mawindo zanuzo. Amayeserera ndi mawu anu omwe."

Mlamu anayamba kupukuta kompyuta yomwe inalibe fumbi. A Mkokomo anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso. Anatola magalasi aja n'kutuluka, mahedifoni akadali m'khosi.

Kunyumba anapeza mwana wawo wachisamba atakhala pakhonde, buku litagunda mphuno. Anali wa zaka khumi ndi zisanu, wofatsa ngati mayi ake akakhala kuti sanakwiye.

"Mwanangu, zija ndi nthabwala chabe. Filimu si moyo."

"Ndikudziwa, ababa."

"Nanga bwanji ukudzizunza chonchi?"

Mtsikanayo anatseka buku, chala chili patsamba lomwe amawerenga. "Mwamasulira mafilimu angati a ana asukulu?"

"Kaya, mwina zana."

"Munditchulire imodzi yokha imene wamagalasi anamukonda asanawavule."

A Mkokomo anafufuza m'mutu. Anaona masitepe, madiresi a kudansi, anyamata atayasama kukamwa. Filimu iliyonse imene anaikumbukira, magalasi ankathera m'dirowa. Manyazi anawagwira kwambiri, moti anangosiya magalasiwo pambali pa mwanayo n'kubwerera kuntchito chamsangamsanga, ngati wina akuwathamangitsa.

"Pitiriza mpaka pa masitepe," anauza mlamu wawo.

Pakanema, mtsikana uja anatulukira pamwamba pa masitepe, tsitsi atamasula, magalasi palibe. Mnyamata wampira anali m'munsi, maso ali tong'o. A Mkokomo anakoka mpweya.

"Taonani zomvetsa chisoni, abale. Mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi amulanda maso. Masitepewo sakuwaona, akungoyerekeza. Ndipo chitsiru chili m'munsicho chakhala naye kalasi imodzi zaka zinayi osamuona. Wofunika magalasi ndani apa?"

Mlamu anaimitsa filimu. "Alamu, anthu amagulira mawu aja. Izi atibwezera."

"Abweze."

"Nanga zakale zija? Zili m'mafoni a tauni yonse. Muzifufuta bwanji?"

A Mkokomo anayenda uku ndi uku m'kachipindamo, kenako anati ajambulenso kachiwiri, mawu amveke bwino.

Lolemba m'mawa anadzuka msanga kuposa masiku onse. Anasesa pakhonde posesa kale, anasuntha mpando, anaubwezanso pamalo pake. Mwana anatuluka atavala yunifolomu, zolembera zili m'manja. Nkhope inali yopanda kanthu, koma m'thumba la malaya munkaoneka kabokosi ka magalasi.

"Suwavala?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndikavala m'chipinda cha mayeso, ababa."

"Nanga panjira? Magalimotowa uwaona bwanji?"

"Ndiziyenda m'mbali." Anakonza lamba wa chikwama paphewa, osawayang'ana. "Panjira ponse pali mawu anu."

A Mkokomo anavala nsapato osamanga zingwe, n'kumutsatira chapatali mpaka pageti la sukulu, osayankha aliyense wowapatsa moni.