Kabikoni ka M'kolala

"Maola asanu, mlamu. Tsiku lililonse maola asanu sukhala pa tebulo lako."

"Wakuuzani ndani?"

"Kolala yakoyo."

Mwini kafakitaleko anatembenuza laputopu kuti mng'ono wa mkazi wake aone. Pamalopo ankapanga timabikoni, tizipangizo tonga chitsekerero cha botolo timene timauza foni kuti yafika pafupi. Chaka chatha kamodzi kankagulidwa pa mtengo wa nsapato yabwino. Tsopano mafakitale akunja anali atatikhuthulira pamsika ngati mchenga, ndipo kamodzi sikankagula ngakhale sokosi. Mabatire ndi mawaya sizinatsike choncho. Chotsala choti chitsike chinali chiwerengero cha antchito.

Tosagulidwa tinali tambiri m'makatoni, moti bwanayo anasokera kamodzi m'kolala ya ovololo iliyonse osauza munthu, kuti laputopu izimuonetsa wantchito amene amatalikira tebulo logwirirapo ntchito.

"Alamu, ntchito yanga mumaidziwa?"

"Umayesa."

"Ndimayesa bwanji?"

"Usandifunse ngati tili m'kalasi."

"Ndimasiya kabikoni patebulo, n'kuyenda ndi foni mpaka pamzere wachikasu uko. Foni ikakamva ndili pamenepo, ndiye kuti n'kabwino. Maulendo mazana atatu patsiku. Mzerewo munapenta ndinu."

"Makina sanama."

"Chabwino. Nanga wakhama kuposa tonse pamndandanda wanuwo ndani?"

Bwanayo anayang'ana. "Wowotcherera mawaya. Sabata yonse sanasunthe ngakhale mphindi imodzi."

"Ali kuchipatala chiyambire Lolemba. Ovololo yake ndi iyo ili pampandoyo. Ikwezeni pantchito."

Azimayi awiri omata zitsekerero anaweramira pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Bwanayo anatseka laputopu mwamphamvu.

"Akunja amayesa kamodzi pa chikwi. Ine ndizilipira munthu woyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira?"

"Bwenzi mutanena zimenezo poyamba, m'malo mobisala kuseri kwa khosi langa."

"Ndanena tsopano. Mwezi ukatha usabwerenso. Mkulu wako ndikamuuza ndekha."

"Mukamuuze mutakhala pafupi ndi chitseko."

Mtsikanayo anatenga lumo, n'kung'amba kolala ya ovololo yake. Kabikoni kanagwera m'manja mwake, ulusi wakuda ukulendewera. Anakaika patebulo, pamalo pomwe ankaika tonse, ndipo mwa chizolowezi anatulutsa foni n'kuyamba kuyenda.

Atangodutsa tebulo lachiwiri, foni inasiya kukamva. Anabwerera pang'ono, zii. Anafika mpaka poima pamwamba pake penipeni, foni ili duu. Patapita kanthawi kanamveka, kenaka kanasowanso, iye asanasunthe phazi.

Omata zitsekerero anali atasiya ntchito. Aliyense anagwira kolala yake.

Mtsikanayo anakankhira kabikoniko pamwamba pa laputopu yotseka ija.

"Alamu, ta m'makolalati anatiyesa ndani?"