Firiji ya Sanatu ndi Khoti la ku Accra

Firiji ya Sanatu inafa isanathe n'komwe miyezi itatu. Sobolo yense, chakumwa chimene ankagulitsa pa depoti ya basi ku Tamale, anasasa. Amuna ake anamwalira kalekale, ana anali ku Kumasi, ndipo m'nyumbamo munangoti zii.

Sanatu atapita kusitolo kumene firijiyo inachokera, mayi wa pakauntala anangoloza mzere wina papepala la mgwirizano.

"Munadinda nokha chala apa, mayi. Madandaulo onse ndi kukhoti la ku Accra basi."

Ku Accra! Kutali konseko, kopanda ngakhale wachibale womuyalira mphasa. Sanatu anabwerera, nakhala pakhonde yekhayekha. Popanda firiji, malonda ake anali atatha.

Lariba, mnansi wake, anamupeza pomwepo. Za kusitolo kuja anali atazimva kale.

"Achemwali, nkhope imeneyi ngati mwafedwa? Bwanji simunapeze wokuwerengerani musanadinde?"

"Wogulitsayo anachita kubwera pakhomo pano. Ndinamupatsa madzi, iye n'kundifunsa za ana mmodzimmodzi. Ndiye nditenge pepala la mlendo wanga kukawerengetsa kwina? Si kumutcha wakuba kumeneko?"

"Madzi anamwa ndi iye, chala munadinda ndi inu. Tavalani mpango, tipite."

Anapita ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo. Bambo Wumbei, mlangizi wa pa ofesipo, anawerenga pepalalo mosathamanga.

"Sindikunamizani, mayi, mawu amenewa ngolemera. Koma sakupatsa kampani ufulu wokugulitsani chinthu chakufa. Tiwaitane a kusitolowo tikambirane konkuno. Zikakanika, tidzapempha khoti liunike ngati n'chilungamo kukutumizani kutali chotero."

Mkulu wa sitolo anabwera monyinyirika. Ataona kuti Sanatu sali yekha, anavomera kumupatsa firiji ina, natulutsa pepala latsopano.

Sanatu anabisa dzanja m'mpango.

"Bambo Wumbei, tandiwerengereni mokweza. Tikadzasemphana, mlandu udzakambidwa kuti?"

"Alembanso Accra."

"Afufute. Ine ndimakhala ku Tamale."

Mkuluyo anapukusa mutu, koma anafufuta, nalemba Tamale, nasainira pambali. Apo m'pamene Sanatu anatulutsa chala. Mlungu womwewo anabwerera pa depoti ndi sobolo wozizira.

Musanadinde kapena kusaina mgwirizano uliwonse, funsani kuti mukasemphana mlandu udzapita kukhoti liti, ndipo udzaweruzidwa ndi malamulo a dziko liti. Ngati simutha kuwerenga, pezani wokuwerengerani amene sali mbali ya wogulitsa. Kufunsa si chipongwe, ngakhale kwa mlendo amene wamwa madzi anu.