Duku la Lefina

Ine Bonaventure Mbewe ndayenda. Ndinagulitsapo mazira ophika pa sitima ya ku Ndola, ndinasitapo malaya ku Joni, ku Beira ndinaiona nyanja yamchere n'kuilawa kuti asandinamize. Sitolo yamalata ili pamsika wa Chadiza ndinaimanga ndi manja angawa, popanda khasu ngakhale limodzi losiyiridwa ndi amalume. Koma mukandifunsa chachikulu chimene ndinachita pa moyo wanga, ndi ichi: mkazi amene abale ake anamukana ndinamubwezera pakhomo pa amake madzulo amodzi okha, ndipo chida changa chinali pakamwa pangapa.

Mkaziyo ndi Lefina Banda wa ku Zemba. Ali mtsikana ankavina chimtali mpaka amayi oimba kuiwala nyimbo. Mu 1952 anakwera lole yotenga anthu a m'minda ya fodya ku Halale, osatsanzika aliyense. Ananyamula chinthu chimodzi chosakhala chake: nsalu yatsopano ya mkulu wake Consolata, ya maluwa akuluakulu, imene mwiniwake ankaisungira Pasaka.

Ku Halale masana ankalera ana a mzungu, Loweruka n'kumavina muholo ya ku lokeshoni. Kumeneko n'kumene azungu ojambula kanema anamuona. Womasulira wawo ndinali ine, chifukwa zilankhulo zisanu zimandimvera ngati ana anga. Kanema wa masiku amenewo analibe mawu. Anthu ankangotsegula pakamwa pachinsalu, ndipo wina ankaima pambali ndi chokuzira mawu kuwalankhulira onse, amuna ndi akazi omwe, nthawi zina ndi mbuzi. Pa ntchito imeneyo panalibe wondiposa kuchokera ku Zambezi mpaka ku Kitwe.

Mu kanema woyamba Lefina anali mayi wowiritsa madzi akumwa. Mu wachiwiri anali mkazi wa wakuba njinga. Nkhani zake zinali zozizira, koma azungu aja anazindikira msanga kuti akaika gule kumapeto anthu sachoka. M'makomboni a ku migodi, iye akangotulukira pachinsalu, ana ankaimirira n'kumafuula kuti Nabanda, Nabanda.

Kanema wachitatu anali wa mizere yopingasa yoteteza nthaka. Tinkajambula pa famu ina, Lefina ali mkazi wa mlimi wakhama, tsitsi lolukidwa bwino. Tili pakati pa ntchito, kunabwera Zakeyu wa ku Mlolo, kufupi ndi kwawo kwa Lefina, amene ankaphika pa famu yoyandikana nayo. Anapatsa Lefina moni, n'kumupepesa maliro a amake. Iye ankayesa kuti Lefina akudziwa. Maliro anali ataikidwa kale mwezi wathawo, ndipo achibale anali atameta.

Kwathu kuno maliro satha ndi kuika. Pakapita masiku abale amasonkhana, adzukulu amene anakumba manda n'kuwameta mmodzimmodzi, ndipo amene sanamete amakhala ngati sanalire. Lefina anandipempha lezala. Anapita kuseri kwa chigafa cha fodya ndi madzi m'chitini. Ndinadzipereka kuti ndimuthandize, koma anati ine si m'bale wake, sindinenso mdzukulu. Anadzimeta yekha, popanda galasi, akulankhula motsitsa ngati mkulu wake ali pomwepo. Mawu amenewo ndinawasunga.

Mzungu wamkulu ataona mutuwo anafiira mpaka m'makutu, pakuti theka la kanema linali litajambulidwa ndi tsitsi. Zimene ananena ndinazimasulira kuti akupepesa maliro. Anagwirizana kuti azivala duku. Tsiku lomaliza, pa gule wokondwerera zokolola, Lefina anazungulira mwamphamvu, duku n'kugwa. Sanaime. Anavinabe atafulatira makina ojambulira. Dzuwa linali likulowa, filimu ikutha, ndipo azungu anangozisiya momwemo.

Pangano la ntchito linamumanga miyezi ina. Anatumiza bulangete ndi shuga kumudzi, koma zonse zinabwerera ndi uthenga wa Consolata wakuti iye alibe mng'ono, munthu wosameta maliro a amake akafune amake ena ku Halale komweko. Lefina anavinabe zaka zina zitatu, koma chimtali chake chinali cha miyendo yokha.

Mu 1957 anandipatsa galimoto ya kanema yozungulira dera la Fort Jameson, woyendetsa komanso woonetsa ali Lemmy, munthu wosalankhula, amene Mulungu anamulengera kuti azigwira ntchito ndi ine. Lefina atamva kuti tidzafika ku Zemba, anapempha malo pampando. Tinamusiya pa Chadiza kwa azakhali anga, ife n'kupitirira.

Masana ndinapita kwa Consolata. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza m'lichero. Anandipatsa mpando, nandifunsa za ulendo, za mvula ya ku Halale, za azakhali anga. Za mng'ono wawo sanafunse. Ndinayamba ndekha, n'kufotokoza zonse, za Zakeyu, za lezala, za chigafa. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka kusenda.

“A Mbewe,” anatero, “si inu munatiuza kuti ku Joni kuli nyumba yokwera ndi chingwe?”

Ndinati nyumbayo ilipodi.

“Nanga nsomba ija yaikulu ngati tchalitchi?”

Ndinati inali yocheperapo pang'ono.

“Pakamwa panu timapadziwa. Tengani mtedza mudzidya m'njira.”

Ndinatenga mtedzawo, pakuti unali wabwino. Koma ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti madzulo abwere pabwalo la sukulu adzaone mmene alimi anzathu akutetezera nthaka. Anati ana akawavuta abwera nawo.

Dzuwa litangolowa tinamanga chinsalu pakati pa mitengo iwiri. Anthu anabwera ndi mphasa ndi timipando, ena pa njinga kuchokera ku Mlolo. Consolata anakhala kumbuyo kwenikweni, mwana pamiyendo. Lemmy analiza injini, ine n'kuyamba. Mlimi waulesi ndinamupatsa mawu a munthu wodzuka ndi matsire, ng'ombe yake n'kumudandaula kuti khasu lachita dzimbiri. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Kenaka Lefina anatulukira atasenza mtsuko, ndipo kuseka kunazima. Amayi anayamba kunong'onezana. Kuchokera kumbuyo kunamveka mawu osakweza koma omveka bwino:

“Nsalu yanga iyo.”

Inalidi yomweyo. Kanema alibe mtundu, koma maluwa ake mwini sangawaiwale.

Tinafika pa gule. Ng'oma sizinkamveka, motero amayi a ku Zemba anaona mapazi okha n'kudziwa nyimbo yake, nayamba kuimba ndi kuomba m'manja. Lefina anazungulira, duku linagwa, ndipo posakhalitsa chinsalu chinayera, kanema watha. Nditayang'ana kumbuyo ndinaona Consolata ataweramira mwana, akumupukuta mphuno. Sanaone kanthu.

Lamulo la ntchito linali lakuti filimu sibwezedwa, imatha kupsa kapena kuduka. Ndinauza Lemmy kuti abweze. Anandiyang'ana, ine n'kumukumbutsa amene anamupezera mkazi ku Katete. Anabweza.

Ulendo uno sindinaseketse munthu. Ndinauza anthu kuti aleke kuyang'ana mapazi, ayang'ane mutu. Duku litagwa, ndinatenga mawu achikazi aja amene ndinali nditalankhula nawo madzulo onse, n'kunena zimene ndinamva kuseri kwa chigafa, osawonjezapo kanthu, chinthu chimene kwa ine ndi ntchito yaikulu:

“Akulu, uthenga wandipeza mochedwa. Kuno kulibe wondimeta. Powerenga amene anameta, mundiwerengenso ine.”

Consolata anapatsira mnzake mwana, nayenda pakati pa mphasa mpaka pachinsalu, chithunzithunzi chake chitaphimba theka la munda wa mu kanemayo.

“Bwezaninso.”

Lemmy sanadikire kuti ndimuuze. Lefina atafulatira, Consolata anakweza dzanja n'kuloza kunkhongo. Pamenepo panali kachigamba ka tsitsi kotsala, kokhota, ndi mabala awiri a lezala pambali pake. Ine kanemayo ndinali nditamuonetsa m'midzi yosawerengeka, koma kachigambako ndinali ndisanakaone.

“Apa dzanja silifika,” anatero Consolata. “Anadzimeta yekha mwanayu?”

Ndinayankha kuti inde, popanda chokuzira mawu.

Anaimabe pomwepo mpaka chinsalu chinayera. Kenaka anatenga mwana wake n'kumapita. Anthu anapinda mphasa mwakachetechete. Mphunzitsi wamkulu anabwera kudzathokoza chifukwa cha phunziro la nthaka.

M'mawa tikumasula chinsalu, Consolata anafika ndi dzungu lophika m'mbale. Analipereka kwa Lemmy, osati kwa ine. Atatero anandiuza kuti ngati munthu uja ali pafupi abwere, ndipo asaiwale kuti anachoka ndi nsalu ya eni.

Ndinabwereka njinga ya aphunzitsi. Anthu amene anandiona tsiku limenelo pamsewu wa ku Chadiza amanena mpaka lero kuti matayala sankagunda pansi. Pobwerera ndinapalasa pang'onopang'ono, Lefina ali pakaliyala ndi kamtolo pamiyendo. Njira yonse anangofunsa funso limodzi, ngati mtengo wa mango wa pakhomo ulipobe.

Unalipo. Lefina anatsika patali, anavula nsapato, nagwada m'mphepete mwa bwalo n'kuodira ngati mlendo. Consolata anamusiya pamenepo kanthawi. Kenaka anatuma mwana kukaitana agogo ena amene anali adzukulu pa maliro aja. Anabwera ndi lumo. Tsitsi la Lefina linali litakula kale, lowongoledwa ndi chipeso chamoto monga amachitira ku tauni. Consolata anamuweramitsa, napatula ndi zala kunkhongo, n'kuuza agogowo kuti amete pokhapo pamene panatsala. Anameta kadera kochepa ngati chikhatho cha mwana. Pamenepo mkulu ndi mng'ono wake analira amawo, mosakweza, ine n'kupita kukayang'ana mbuzi za eni.

Nditabwerera ndinapeza akukangana ngati sanasiyanepo. Consolata ankati mu kanema muja mtsuko anausenza mopendekeka ngati mwana wa mzungu. Lefina ankati unali wopanda madzi. Lachisanu lotsatira Lefina anavina chimtali pabwalo la Zemba, kankhongo kali mbee, ndipo amene anaona amati cha pachinsalu chija chinali chongoyerekeza. Anabwereranso ku Halale n'kujambulitsa makanema ena awiri, koma nyengo yokolola iliyonse ankabwera kwawo.

Za nsalu zinatha tsiku lomwe lija la lumo. Lefina anamasula kamtolo kake n'kutulutsa nsalu yatsopano ya m'sitolo ya Mmwenye, maluwa ake ofananako ndi aja. Consolata sanathokoze msanga. Anagwira nsonga, nayamba kuyeza kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Inakwana mikono isanu ndi umodzi.

“Yanga inali mikono inayi,” anatero.

Lefina anati yotsalayo ndi ya zaka zimene anaivala. Consolata anati iye sakongoza mng'ono wake mwa katapira. Analuma m'mphepete, nang'amba nsaluyo molunjika, n'kuponya chidutswa chotsala pamiyendo panga kuti ndikasoketse malaya, mwina pakamwa pangapumeko poyang'ana maluwa. Malayawo ndili nawo, ndimavala pa Pasaka. Yakeyo Consolata anaipinda bwinobwino n'kulowa nayo m'nyumba: mikono inayi inapita ku Halale, mikono inayi inabwerera ku Zemba.