Manda a Pakhomo ku Samoa

Rodgers anali ataloza kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi pachipumi pa mayi wina pamene foni inanjenjemeranso m'thumba. Anali mlonda pakhomo la nyumba yaitali ku Onaiza, m'dziko la Aarabu, ndipo pantchito foni inali yoletsedwa. Koma ataisuzumira anaona dzina la amayi ake. Amayiwo sankaimba pakati pa sabata.

Anabisala kuseri kwa chipilala n'kutsitsa masiki.

"Roja," anatero amayi, mawu ali phee ngati akuitana mayina m'kalasi. "Bambo ako atisiya."

"Apita kuti?"

"Amwalira, mwanangu. Agwa m'munda wa sukulu, khasu lili m'manja. Pofika kuchipatala n'kuti zitatha."

"Korona?"

"Kuno kulibe korona. Akuti ndi mtima."

Rodgers anabwerera pakhomo paja, nayeza anthu awiri, nawauza kuti adutse. Wachitatu ndiye anamufunsa ngati ali bwino, chifukwa kachipangizo kaja anali atakagwira chozondotsa.

A Wickson Gwedeza ndi akazi awo a Eveless atapuma pauphunzitsi ku Ntcheu, anthu ankati agula ng'ombe n'kukhala pansi. Koma mpingo utafuna aphunzitsi achikulire oti akathandize pasukulu ina ku Samoa, awiriwo anadzipereka. Rodgers anachita kufufuza pamapu, n'kupeza timadontho pakati pa nyanja. Abambo ankaphunzitsa masamu ndi ulimi, amayi Chingerezi ndi zosokasoka. Nthawi yawo yobwerera itayandikira mliri unabuka, dzikolo linatseka zipata, iwo n'kungopitiriza kuphunzitsa. Lamlungu lililonse ankaimba foni ya vidiyo, nkhope ziwiri zitapanikizana, akulimbirana kufotokoza za mvula yosakata, za chakumwa chowawa cha koko chimene amayi anayamba kuchikonda, za nkhumba za aneba zomwe zinkafukula mbatata za ana asukulu. Lamlungu lapitalo abambo anaseka nkhumbazo mpaka kutsokomola.

Uthenga wa maliro utafika, m'mawa mwake Bakali, mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Al Asmakh, anakatenga Phyllis ku Al Nasr pa galimoto ya abwana ake. Phyllis anali mlongo wake wa Rodgers, ndipo ankakonza zipinda kuhotela. M'nyumba ya amuna okhaokha sakanalowa, choncho Bakali anaimika galimoto mumthunzi, nasiya injini ikulira kuti muzizizira.

"Pepani kwambiri," anatero potuluka. "Kambiranani momasuka, ine ndili apa."

Siwa yawo inali imeneyo: mipando iwiri yakumbuyo ndi foni imodzi. Pafonipo panali amayi ku Samoa, kumene kunali kukuda, ndi a Edwin, mng'ono wa malemuwo, ali ku Ntcheu.

"Thupi libwere," anatero a Edwin. "Malo awo alipo, pafupi ndi amayi athu. Mwana wa a Gwedeza sagona kwa eni."

"Alamu, ndege kulibe," anayankha amayi. "Akuti angathe kuwasunga m'firiji mpaka zipata zitatseguka, koma tsiku lake palibe akulidziwa. Ndinakawaona mmenemo. Munthu uja ankafunda bulangete ngakhale mu Okutobala."



"Banja la ahedi a sukulu yathu lapereka malo," anapitiriza. "Koma ndinene poyera. Kuno manda sakhala kunkhalango. Munthu amamuika pabwalo, pakhomo penipeni pa nyumba."

Phyllis anagwira pakamwa. Rodgers anaganiza kuti netiweki yasokoneza mawu.

"Pakhomo?" anakuwa a Edwin. "Pomwe ana amasewera?"

"Pomwepo. Amakhalapo, amachezapo madzulo. Akuti wakufa asasungulumwe."

"Alamu, dzuwa lakumeneko lakuzunguzani mutu. Rodgers, mwana woyamba ndiwe. Kwera ndege ukatenge bambo ako."

Rodgers anaganiza za ntchito yake. Lamulo litasintha, kuti munthu angathe kusiya kampani popanda chilolezo cha bwana, iye anali mmodzi mwa oyamba kusamuka. Abambo ake ndi amene anamulimbitsa mtima. Tsopano anali akadali woyesedwa pakampani yatsopanoyo, ndipo kuchoka kunali kutaya zonse.

"Ndikalankhula ndi supavaiza, Bambo. Mwina..."

"Achimwene, musawanamize," anamudula Phyllis. "Ngakhale atakupatsani livu lero, mafulaiti olowa ku Samoa kulibe. Khalasi, nkhani yatha."

"Ndiye ukuti tiwataye kumeneko?" anafunsa Rodgers.

"Amene tikuwataya ndi amayi! Azipita kumochale tsiku ndi tsiku mpaka chaka chamawa? Okha?"

Rodgers anayang'ana kunja. Bakali anali ataima pakhoma, akuyang'ana dala mbali ina. Munthu wina anadutsa atanyamula mkate wotentha, ndipo zinamudabwitsa kuti anthu akadadya.

"Roja," anaitana amayi. "Sindiwaika usanavomere. Ukati adikire, adikira, ine ndidikira nawo."

Anawayang'anitsitsa. Duku linali litapendekeka, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi awiri achisamoa, onenepa, atakhala chete pamkeka, mmodzi atawagwira phewa.

"Aikeni, amayi," anatero.

"Mudzayankha nokha kumudzi kuno," anatero a Edwin, n'kudula foni.

Mwambo wa maliro anauonera m'galimoto momwemo, m'bandakucha, shifiti isanayambe. Mphunzitsi wina ndiye ankagwira foni. Anaona ana mazanamazana atavala zoyera, mikeka ikuluikulu ikuyalidwa, ndi dzenje lomangidwa ndi simenti pafupi ndi masitepe a khonde. Kenako foni inayandikira bokosi. Abambo anali m'jekete ndi tayi, monga ankawadziwira. Koma kuyambira m'chiuno anali atakulungidwa nsalu yoyera, mapazi ali pamtunda.

"Mayo, awaveka chitenje!" analira Phyllis.

"Ndi mmene amuna amavalira kuno," anatero amayi chapansipansi. "Buluku anasiya kalekale. Ankangoti musawauze ana."

Rodgers anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka pakhosi sichinali chiseko. Pamene bokosi linkatsitsidwa chithunzi chinaima, n'kutsala nkhope ya mtsikana wosamudziwa, kukamwa kuli yasa pakati pa nyimbo. Netiweki pobwerera, anthu anali akuika maluwa. Rodgers anavala masiki n'kupita kuntchito.

Lamlungu amayi anaimba monga mwa masiku onse. Anatsamiritsa foni ku kapu, iwo n'kukhala pakhonde lotchingidwa la nyumba yawo ya pasukulupo. Mbali ya mpando imene abambo ankakhala inali yopanda munthu, ndipo Rodgers sanadziwe poika maso. Ndipamene anaona beseni pafupi ndi mapazi awo, lodzaza masandasi a ana.

"Nsapatozo n'za ndani, amayi?"

"Za ana asukulu. Zikaduka amazisiya pakhonde pano poweruka, m'mawa amadzazipeza zosokedwa."

"Mumasoka ndinu?"

"Ana amaganiza choncho, poti ine ndiye wa zosokasoka. Amandithokoza, ena amandibweretsera mapapaya." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. "Bambo ako ankatseka chitseko kaye, kenako n'kukhala pansi ndi beseni lonseli. Ankati mwana akadziwa kuti mphunzitsi wa masamu amamugwirira nsapato, sadzalembanso homuweki."

Rodgers anakumbukira bambo amene ankaima pageti ku Ntcheu, ndodo ili kumbuyo, akubweza mwana aliyense wa nsapato zakuda, kuyambira wawo yemwe.

Amayi anapisa dzanja m'beseni n'kutulutsa sandasi yaing'ono yabuluu. Singano yaikulu inali ikadali yobaya palamba, ulusi ukulendewera.

"Iyi anaisiyira pakati," anatero. "Mwini wake wayenda pansi sabata yonse."

Anavala magalasi, naitembenuza kuti aone mmene msoko unkayendera. Kenako anadzuka, natseka chitseko cha pakhonde, nakhalanso pansi, n'kukoka ulusi uja.